Esinala Alowa Yekha

"Mkazi wapabanja akadzitsekere m'chipinda ndi mlendo, n'kumalankhula zimene mwamuna wake sayenera kumva? Nkhabe, ayi. Pakhomo pano zimenezo sizinachitikepo."

Mayi Rosa analankhula ataima pakati pa bwalo, lichero la chitowe lili m'manja. Esinala, mkazi wa mwana wawo, sanawayang'ane. Anapitiriza kukulunga nsalu pamkono wa Miracle, mwana wake wamkazi wazaka zisanu. Mkonowo anautupitsa iye mwini ndi chikuni, chifukwa mwanayo anataya phala pansi. Atapita naye kuchipatala, namwino anamuyang'ana Esinala kumaso, ndipo anamufunsa ngati amagona. Esinala anayankha kuti chichokereni kukampu kumene anathawira madzi chaka chatha, za tulo amangomva kwa anzake. Namwinoyo sanamukalipire. Anangomuuza kuti abwere Lachinayi, tsiku limene kumafika mlangizi wothandiza anthu a nkhawa, ndipo anawonjezera kuti kwa mlangiziyo amalowa mmodzi.

Mawu akuti mmodzi amenewa ndi amene anayatsa moto pakhomopo.

Fernando, mwamuna wa Esinala, anali pakhonde akumata chubu cha njinga. Iye anati vuto lake silinali chipatala koma khomo. Chipinda cha mlangiziyo chinagundana ndi choyezera magazi, ndiye aliyense woona Esinala akulowa akafalitsa pamsika kuti banja la Fernando lili ndi kachilombo. Anati ngati mkazi wake akudwala amupatse mapiritsi, ngati mutu wasokonekera anene poyera, koma zonong'onezana kuseri kwa chitseko iye sakuzimvetsa.

"Mavuto a m'banja ali ndi eni ake," anatero mayi Rosa. "Ankhoswe alipo. Bambo ake aang'ono a Fernando, a Raphael, alipo, munthu wa Mulungu. Mutu umodzi susenza denga, inde, koma mutu wachiwiriwo uzikhala wapachibale."

Dzina la a Raphael litamveka, Esinala anakoka nsalu ija mwamphamvu mpaka mwana analira. Anamasula msanga n'kumupepesa. Kenako anauza mwamuna wake kuti Lachinayi apita, kaya panjinga kaya wapansi, chifukwa sakufuna kudzadzidzimuka tsiku lina atapha mwana wake. Fernando anaponya chubu pansi. Anati chabwino, koma akalowa naye.

Dzuwa litapendeka, mayi Rosa anatsatira Esinala kudimba, kumunsi kwa Makhanga kumene kunali mudzi wawo madzi asanaukokolole. Anthu awiriwa ankadziwa chinthu chimene Fernando sankachidziwa. Pamene mtsinje wa Ruo unasefukira, iye anali kutsidya kwa Shire ku ganyu ya ku esiteti ya nzimbe, ndipo mwadiya sunkaoloka. Amayi ake, mkazi wake ndi mwana anakakhala pasukulu ina pamodzi ndi khamu la anthu. Wapampando wa komiti yogawa chakudya anali a Raphael. Ufa unkabwera, anthu n'kulandira, banja lawo osalandira. Miracle anayamba kutsegula m'mimba chifukwa chodya nyika zokhazokha, mizu yokumba m'dambo. A Raphael ankangoti dzina lawo lasowa, koma Esinala atabwera yekha m'kalasi yosungiramo matumba angathe kuliyang'ana bwino. Amene anamukankha anali mayi Rosa. Anati pita, ndi bambo ako amenewo, mkazi amadziwa kapemphedwe. Esinala analowa. A Raphael anatseka chitseko n'kumugwira pakamwa. Anatuluka ndi thumba la ufa wa soya ndi botolo la mafuta. Ndipo sizinachitike kamodzi.

"Za kukampu zinapita ndi madzi," anatero mayi Rosa ataima pamzera wa mbatata. "Wamva?"

"Kwa inu zinapita."

"Chibale ndi fupa, sichiola. Ukatsegula pakamwa, wochoka pakhomo pano ndi iwe, osati iwo. Ng'ombe za malowolo ako zinadyedwa kale kwanu. Ukapita kuti?"

Esinala anaweramira khasu lake. Anapitiriza kukumba, koma khasu linkangodula mbatata pakati. Mayi Rosa anatola zodukazo m'nsalu yawo n'kumapita, akudandaula kuti atsikana a masiku ano sadziwa kugwira khasu.

Lachinayi kunatentha kuyambira m'mawa. Fernando anapalasa njinga, Esinala ali pakaliyala. Mlangiziyo anali mayi wamfupi, wa imvi zochepa, dzina lake mayi Luisa. Ankabwera panjinga yamoto kuchokera ku boma. Anawalonjera m'Chisena, ndipo Fernando atayankha m'Chichewa nawo anasintha. Kenako anamuuza mwaulemu kuti adikire panja.

Fernando anati mkaziyu analowola ndi iye, ndipo palibe chimene angabise kwa iye. Mayi Luisa anati sakutsutsa za malowolozo, komanso ngati bamboyo akufuna nthawi yake angathe kumupatsa tsiku lina, koma ola limeneli ndi la mkazi wake. Anthu apamzere wa mankhwala anali atayamba kutembenuka. Fernando anachita manyazi, anakakhala pansi pa mtengo wa nimu, nkhope ili gwaa.

M'chipindamo munalibe bedi, munalibe jakisoni. Munali mipando iwiri yoyang'anizana, jagi ya madzi, ndi makatoni a maneti a udzudzu ataunjikidwa pakona. Esinala anakhala m'mphepete mwa mpando ngati wobwera kumlandu. Mayi Luisa anafotokoza kuti iwo sapereka mankhwala. Ntchito yawo ndi kumvetsera ndi kufunsa, ndipo pakafunika mankhwala adzamutumiza kwa dokotala. Azikumana kamodzi pamlungu, mwina kwa miyezi ingapo. Zonse zonenedwa mmenemo zizitsala momwemo, kupatula ngati aona kuti moyo wake kapena wa mwana uli pangozi, ndipo zikatero adzayamba kumuuza iyeyo asanauze wina. Anati salinso wokakamizidwa kunena chilichonse lero. Kukhala chete kumaloledwa.

Esinala anapsa mtima. Anafunsa ngati wayenda ulendo wonsewu, n'kukangana ndi mudzi wonse, kuti adzangomwa madzi a m'jagi. Iye ankafuna piritsi loti akameza agone, basi.

"Mwakwiya," anatero mayi Luisa.

"Ndakwiya, inde."

"Kukwiyako kunayamba liti?"

Funso limeneli palibe anali atamufunsapo. Kunyumba ankamufunsa chifukwa chake wakwiya, ndipo ankafunsa moti asayankhe. Esinala anayang'ana makatoni aja nthawi yaitali. Kenako anayamba kunena za madzi, mmene anafikira m'chiuno anthu asanamange n'katundu yemwe, mbuzi zikulira padenga la khola, Miracle ali pakhosi pake. Ananena za fungo la m'kalasi imene ankagonamo anthu ambirimbiri. Atafika pa nkhani ya ufa anaima. Mayi Luisa sanamukoke. Anangobwerera ku mkono wa mwana, n'kufunsa mosazungulira ngati anamumenyapo kale chotero. Esinala anati ayi, koma dzanja limamuyabwa tsiku lililonse. Anagwirizana kuti mtima ukayamba kuwira azisiya chilichonse chimene wagwira, azipereka mwana kwa Juliana wa nyumba yoyandikana nayo, iye azipita kumlambe wakuseri kwa mudzi mpaka mpweya ubwerere.

Pobwerera Fernando anafunsa zimene anakambirana. Esinala anati za madzi. Fernando anaimitsa njinga pakati pa msewu. Anati madzi onse a mu Shire anthu amawadziwa, sangafunike chitseko. Anati iye si mwana, ndipo mlungu wamawa njinga yake sipita kumeneko.

Mlungu wotsatira Esinala anapita wapansi. Anafika miyendo ili mbuu ndi fumbi, pakhosi pouma. Anali atakonza zonena za tulo ndi za mutu umene unkamupweteka, koma atangokhala pampando mawu anatuluka okha, osatsata ndondomeko, ena m'Chisena ena m'Chichewa. Ananena za chitseko, za dzanja lonunkha sopo limene linamutseka pakamwa, za apongozi ake amene analandira thumba lija n'kunena kuti takhuta osamuyang'ana kumaso. Ananena kuti munthuyo amabwerabe pakhomo pawo, amadya chakudya chophika iye, amapempherera mwana wake atamugwira pamutu. Pomaliza anati akudziwa dzina la mkazi wogona ndi mwamuna chifukwa cha ufa, ndipo mayi Luisa asavutike kulitchula.

Mayi Luisa anamusiya alire mpaka anatopa. Kenako anamuthirira madzi m'kapu.

"Mayi, simunagulitse kanthu. Ufa umenewo unali wanu kale. Munthu anabisa chakudya cha mwana wanu kuti akugwiririreni. Dzina lake la zimenezo ndi kugwiririra, ndipo mlandu ndi wake."

Chaka chonse Esinala ankadzitukwana yekha, tsopano mkwiyo uja unatembenuka n'kuyang'ana kwina, ndipo unali waukulu kuposa mmene ankaganizira. Anafunsa kuti achite chiyani. Mayi Luisa anamuuza njira zimene zilipo. Kupolisi kuli ofesi yomva nkhani za nkhanza, ku boma kuli a zachisamaliro cha anthu, ndipo pakhomo loyandikanalo angathe kuyezetsa magazi kuti mtima ukhale m'malo. Koma kusankha ndi kwake.

"Mundiuze inuyo. Si ndinu ophunzira?"

"Ine sindigona m'nyumba mwanu. Ndikakusankhirani, ndikhala munthu winanso wokukankhirani pakhomo limene simunafune. Chimene ndingachite ndi kuganiza nanu limodzi mpaka muone nokha."

Anamuchenjezanso kuti masiku akubwerawo angathe kumva kuwawa kuposa kale, monga chilonda chikatsukidwa, ndipo zimenezo sizitanthauza kuti wayamba misala. Esinala anatuluka osatsazika. Anaima pakhonde kanthawi, kenako analowa khomo loyandikana lija. Magazi ake anapezeka opanda kachilombo. Koma mnyamata wina wakabaza wa m'mudzi mwawo anamuona akutuluka, thonje lili pachala.

Zinachitika monga ananenera mayi Luisa. Esinala sankatha kumeza chakudya. Mawu a tambala, kulira kwa mbale, ngakhale kutafuna kwa apongozi ake, zonse zinkamupweteka m'mutu. Kumlambe ankapitako kangapo patsiku, n'kumakamenya thunthu ndi chibakera mpaka zala kuchita dzanzi. Koma Miracle sanamukhudze. Lamulungu kutchalitchi a Raphael ataimirira kuti atsogolere pemphero, Esinala anadzuka pakati pa amayi anzake n'kutuluka, anthu onse akuona. Mayi Rosa anapita kwa a Raphael tsiku lomwelo.

Nkhani ya thonje pachala inamupeza Fernando pabawo. Anzake anasiya kusewera atamuona, wina n'kumufunsa moseka ngati nayenso wayamba kumwa mapiritsi a tsiku ndi tsiku. Anathamangira kunyumba atapsa mtima. Esinala anamuuza kuti anayezetsadi ndipo ali bwino. Fernando anafunsa kuti mkazi wokhulupirika amayezetsa chifukwa chiyani. Esinala anatsegula pakamwa, koma apongozi ake anali pakhomo la khitchini akumuyang'anitsitsa, ndipo mawu anabwerera.

Lachinayi lachitatu Fernando anatsogola yekha panjinga. Esinala pofika anamupeza ali pakhomo pa mayi Luisa, akukalipa. Ankati mayiyo akupasula banja lake, akuphunzitsa mkazi wake mwano, ndipo amuuze lero lomwe dzina la mwamuna amene akubisidwa m'chipindamo. Anamenya chitseko ndi chikhatho. Mlonda anayandikira, koma mayi Luisa anamukwezera dzanja kuti aime.

"Bambo, sindikuuzani kanthu. Ngakhale mutabwera ndi mudzi wonse. Inunso mutandiuza zanu sindingauze akazi anu. Ngati mukufuna kudziwa, afunseni okha, ndipo mukafunsa mukhale pansi mumve mpaka amalize."

Fernando anatukwana, anakwera njinga n'kumapita osayang'ana mkazi wake.

Tsiku limenelo Esinala anafunsa ngati amuuze mwamuna wake. Mayi Luisa anamufunsa chimene akuopa kwambiri. Anati akuopa kumenyedwa, akuopa kulandidwa mwana, koma choposa zonse akuopa kuti Fernando adzamuyang'ana mmene iye ankadziyang'anira. Anakambirana kumene angathawire zinthu zitavuta, kwa mchemwali wake ku Chiromo, ndi kuti ngati anene, anene masana, pali anthu. Mayi Luisa anamupempha ayese kunena mawuwo mokweza, ngati kuti mwamunayo wakhala pamakatoni paja. Anayesa, mawu anakana. Anayesanso, anatuluka theka. Anachoka asanasankhe chilichonse.

Anamusankhira ndi ena. Loweruka masana mayi Rosa anayala mphasa pansi pa mtengo wa masau, natulutsa mpando umodzi wokhawo wabwino. A Raphael anafika atavala jekete ngakhale kunkatentha choncho, Baibulo lili m'pepala la pulasitiki. Panabweranso azakhali awiri a Fernando. Anthu oyandikana nawo anayamba kupeza zochita pafupi ndi mpanda, ndipo Juliana anatenga Miracle n'kukhala naye pakhonde pake. Mayi Rosa anauza Esinala kuti abweretse madzi akumwa agwadire ankhoswe. Esinala anakhala pamphasa osasuntha.

A Raphael anamwetulira, nati asiyeni, wodwala sakwiyiridwa. Analankhula nthawi yaitali ndi mawu ofewa. Anati banja ndi kupirira. Anati mawu a akuluakulu amakoma akagonera, koma ana a lero akuthamangira alendo olipidwa ndi mabungwe kuti azisokoneza mitu ya akazi. Anati iwo aona zambiri, ndipo chimene chamugwira mwanayu ndi mzimu woipa umene unabwera ndi madzi. Mzimu sumva zokambirana. Chigamulo chawo chinali choti kuchipatalako asiye kuyambira lero, ndipo m'malo mwake azibwera kunyumba kwawo madzulo aliwonse kuti azimupempherera.

Azakhali aja anavomera ndi mitu. Fernando ankayang'ana pansi.

Esinala anaseka. Kunali kuseka koipa, kouma, moti nkhuku zimene zinkatola masau zinathawa.

"Ndizibwera ndekha?" anafunsa. "Ngati m'kalasi ya matumba muja?"

Mayi Rosa anamuuza kuti atseke pakamwa. Esinala sanawamve. Anatembenukira kwa mwamuna wake, ndipo mawu amene anakana m'chipinda cha mayi Luisa anatuluka onse.

"Bambo a Miracle, mwakhala mukufunsa dzina la mwamuna. Ndi awa akhala pampandowa. Mwana wanu ankafa ndi njala kukampu. Awa anabisa ufa wathu, anati ndikautenge ndekha. Ananditsekera chitseko n'kundigwiririra. Kangapo. Amayi anu ndi amene ankandituma. Ndi zimene ndimakanena kuchipatala, chifukwa pakhomo pano panalibe pozinenera."

A Raphael anapukuta thukuta ndi mpango, natambasula manja kwa azakhali aja. Anati mwamva nokha, kodi si misala imeneyi? Munthu wabwinobwino anganenere bambo ake zotere?

"Wamisala anaona nkhondo," anatero Esinala.

Fernando sanayang'ane a Raphael. Anayang'ana amayi ake. Anawafunsa kamodzi, ndi mawu otsika, ngati ndi zoona. Mayi Rosa akanatha kukana, ndipo anthu ambiri akanawakhulupirira. Koma mkwiyo unawatsogolera.

"Iwe unali kuti? Unali kutsidya ukudya bwino, ife tikukumba nyika m'matope pakati pa ng'ona. Unkafuna mwana wako afe? Ufawo tinadya tonse. Mkazi wanzeru akanakhala chete."

Mmodzi wa azakhali aja anagwira pakamwa. Fernando anadzuka pang'onopang'ono, analowa m'nyumba, n'kutuluka ndi chikwanje chodulira nzimbe. Amuna awiri amene anali kumpanda analumpha n'kumugwira. Anagwa nawo pansi onse atatu, fumbi kobo. A Raphael anali atafika kale kumsewu, akuyenda mofulumira, jekete lili m'manja.

Mayi Rosa anayamba kulira mokweza. Anati onani zimene wachita mkaziyu, akufuna mwana wanga akafere kundende. Anati nkhani zotere zimathera m'nyumba, a Raphael ndi magazi awo, ndi amene anaika maliro a bambo a Fernando. Khoswe akakhala pamkhate sapheka.

"Ndiye mkhatewo usweke," anatero Esinala.

Atamulanda chikwanje, Fernando anakhala pansi pafumbi pomwepo, akupuma ngati ng'ombe yokoka ngolo. Ukali wake unasowa kopita, ndipo unagwera pa mkazi wake. Anamufunsa chifukwa chake anakhala chete chaka chonse, akugona naye mphasa imodzi, akumusiya azipereka moni kwa munthu ameneyo ndi manja awiri.

"Ndikanakadandaula kwa ndani? Nkhoswe wanga ndi yemweyo."

Fernando anadzuka pafumbi paja. Anatenga njinga n'kuchoka.

Masiku otsatirawo sanali opepuka. Fernando anabwerera, koma ankagona pakhonde. Sanamuthamangitse Esinala, sanamumenye, komanso sankatha kumuyang'ana kumaso. Anasiya kulankhula ndi amayi ake, ndipo anamanga mpanda wa bango pakati pa nyumba ziwirizo. Akuluakulu ena a mpingo anabwera ndi mbuzi yochokera kwa a Raphael. Sanatchule mlandu, anangoti ndi yoziziritsa mitima, nkhaniyi isapite patali ingaipitse dzina la mpingo. Fernando anamasula chingwe, anaimenya mbuziyo ndi phazi, ndipo inathawa ikulira mpaka kumsewu. Anawauza kuti mkazi wake si munda woti ng'ombe yadya n'kulipira. Esinala anamva mawuwo ali m'nyumba. Chinali chinthu choyamba chimene mwamuna wake ananena chomuikira kumbuyo, ngakhale sananene kwa iye.

Koma mudzi unali ndi chigamulo chake. Kumjigo amayi ankasuntha ndowa zawo Esinala akafika. Ena ankati anafuna yekha, ena ankati ngakhale zinachitika, mkazi waulemu savula apongozi ake pagulu. Panalibe amene ankafunsa kuti ufa wa anthu unkasowa bwanji. Lamulungu a Raphael anakhala pampando wawo wakutsogolo monga mwa masiku onse, ndipo anthu anaimba nawo.

Mayi Luisa atamva zonsezi sanamuyamikire kapena kumudzudzula. Anamufunsa mmene akumvera. Esinala anati akumva ngati nyumba yagwa, koma kwa nthawi yoyamba wagona mpaka tambala. Anati mkwiyo sunathe, wangodziwa mwini wake. Anafunsa za ofesi ya kupolisi ija, kuti amafunsa zotani, ndiponso ngati angamukhulupirire popeza padutsa chaka. Mayi Luisa anamuuza zoona, kuti nkhaniyo ingathe kuyenda pang'onopang'ono, mafunso ena adzamupweteka, ndipo sangamulonjeze mmene idzathere. Koma mlandu suola, ndipo iwo adzakhalapo Lachinayi lililonse, kaya apite kaya asapite.

Lachinayi lotsatira Esinala anadzuka m'mamawa, anasambitsa Miracle n'kumusiya ndi bambo ake. Fernando analandira mwanayo osafunsa kanthu. Esinala atafika pamphambano pamene njira ya kumudzi imakumana ndi msewu, anapeza Juliana ataima pansi pa mtengo, atavala chitenje chake chopitira kutchalitchi. Juliana anali mkazi wamasiye wa ana atatu, ndipo kukampu ankagona pafupi ndi Esinala. Anayamba kuyenda naye osanena kumene akupita. Anadutsa minda ya thonje, anadutsa pachigayo.

Patapita nthawi Juliana anafunsa ngati mayi a kuchipatalawo sauzadi munthu. Esinala anati mwamuna wake anamenya chitseko mpaka thukuta, koma sanamve ngakhale liwu limodzi. Juliana anafunsanso ngati pamafunika ndalama kapena kalata ya amfumu. Esinala anati ayi. Anayendanso pang'ono.

"Nanenso anandiuza kuti dzina langa lasowa," anatero Juliana, maso ali kumsewu.

Esinala anaima. Anakumbukira amayi onse amene ankatuluka m'kalasi ija atanyamula matumba, aliyense akuyang'ana pansi, ndi amayi omwewo akusuntha ndowa kumjigo. Anafuna kukuwa kuti mudzi wonse umve. M'malo mwake anagwira mnzakeyo padzanja.

"Tsiku loyamba ukhoza kungokhala chete, sakukakamiza. Ukalowa wekha, ine ndikakhala panja. Ukatuluka, ine ndikupitirira kupolisi. Sindikukuuza kuti unditsate."

Juliana anayang'ana kumbuyo kumene kunali mudzi, kenako kutsogolo. Anamasula chitenje chake, anachimanganso mwamphamvu m'chiuno, n'kutsogola.